Pa 3 koloko ku Maramba: mpira m'dzuwa la Okutobala

Nthawi yangopitirira 3 koloko masana, ndipo pabwalo lina lafumbi m'dera la Maramba, mumzinda wa Livingstone, mthunzi ulipo umodzi wokha. Uli kuseri kwa golo. Odzaonerera mpira onse aunjikana pamenepo, ena atakhala panjinga zawo, ena panjerwa, amayi atafunda zitenje kumutu.

Mwezi ndi wa Okutobala. Dzuwa likuchita kuswa mtengo.

M'bwalomo muli anyamata 22 ndi woyimbira mmodzi. Iwowa alibe kothawira.

Mphindi khumi zoyamba mpira ndi wamoto. Fumbi lili koboo, mpira uli uku ndi uku, aliyense akufuna kuonetsa kuti sanabwere kudzacheza. Kenako zinthu zikuyamba kusintha. Mnyamata wosewera m'mbali, amene poyamba paja amathamanga kuchokera kugolo kwawo mpaka kugolo la adani, tsopano akapita kutsogolo akubwerera choyenda, manja ali m'chiuno, kukamwa kuli yasa. Kumsana kwa jezi yake kwatuluka mizere yoyera. Ndi mchere wa thukuta lomwe lauma.

Mpira ukangotuluka, anyamata anayi kapena asanu akuthamangira pamzere pomwe pali chigubu chachikasu cha malita 20, chija chimabwera ndi mafuta ophikira. Kapu ndi imodzi. Madziwo akhala padzuwa kuyambira masana ndipo ndi ofunda, koma palibe akuwakana. Wina akumwa, wina akungodzithira pamutu.

Kumthunzi kuja anthu ayamba kukuwa. Wina akuti mnyamatayo ndi waulesi. Wina akuti dzulo anagona kumowa.

Si ulesi. Ndipo amene akukuwawo, ataikidwa pakati pa bwalolo kwa mphindi makumi awiri zokha, akhoza kuchita kunyamulidwa.

Alendo amaudziwa mzinda wa Livingstone chifukwa cha mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pazithunzi zimene amajambula pamaoneka madzi okhaokha, nkhungu ndi utawaleza, moti munthu angaganize kuti kuno ndi kozizira. Okhala ku Libuyu, ku Linda, ku Dambwa kapena ku Ngwenya akudziwa zina. Mzindawu uli m'munsi, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo ndi wotsika ndi mamita pafupifupi 300 poyerekeza ndi Lusaka kapena Choma. Mu Okutobala kutentha kwa masana kumakhala cha m'ma 34 kapena 35 digiri, ndipo masiku ena kumayandikira 40. Mvula imachedwa, udzu umauma, nthaka ya mchenga imawotcha ngakhale munthu atavala nsapato.

Wa ku Nchalo, ku Nsanje, ku Karonga kapena ku Tete safunika kumufotokozera zambiri. Nkhani yake ndi imodzimodzi.

Koma mpira suima. Timu ya mumzindawu, Livingstone Pirates, imalandirira alendo ake pabwalo la Maramba, ndipo m'makomboni muli matimu ang'onoang'ono osawerengeka, a anyamata, a atsikana, a sukulu, a mipingo, a madala a Lamlungu. Pafupifupi onsewa amatsata nthawi imodzi imene mpira wa m'chigawo chino cha Africa unazolowera kuyambira kale: 3 koloko masana. Pakakhala masewero awiri pabwalo limodzi, oyamba amayamba 1 koloko, dzuwa lili paliwombo. Kawirikawiri amene amapatsidwa nthawi yoipayi ndi ana ndi atsikana, poti akuti awo ndi masewero ongokonzera njira akuluakulu.

Chimachitika n'chiyani m'thupi mwa wosewera panthawi ngati imeneyi?

Munthu akamathamanga, mphamvu zambiri zimene minofu ikugwiritsa ntchito sizipita ku liwiro. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Khomo lake lalikulu ndi thukuta. Amene anamwapo madzi a mumtsuko wadothi akudziwa mmene zimayendera: mtsuko umachucha pang'onopang'ono, ndipo chinyezi cha kunja chikamauma ndi mphepo, madzi a m'kati amazizira. Khungu limagwira ntchito yomweyo.

Vuto n'lakuti madzi a thukutawo amatapidwa m'magazi. Choncho mtima umapezeka uli ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, kutumiza magazi kumiyendo kuti ithamange ndi kutumiza ena kukhungu kuti akazizire. Madzi akamachepa, magazi nawo amachepa, mtima n'kumagunda mofulumira kuti ukwanitse zonse. Pakutentha wosewera amatha kutaya lita imodzi kapena awiri pa ola limodzi, ena kuposa pamenepo.

Akatswiri a zamasewero amati munthu akataya madzi okwana 2 pa 100 a kulemera kwake, mphamvu zake zimayamba kutsika moonekeratu. Kwa mnyamata wolemera makilogalamu 65, amenewa ndi malita 1.3 okha. Pa 3 koloko ya Okutobala, malita amenewa akhoza kutha chigawo choyamba chisanathe.

Thupi la munthu limakhala pa 37 digiri. Pamasewero otentha limakwera kufika 39, mwina kupitirira pang'ono. Likamayandikira 40, ubongo umayamba kulamula miyendo kuti ichepetse. Mnyamata woyenda manja ali m'chiuno uja sanasankhe yekha kuyenda. Thupi lake lamusankhira, ndipo lasankha bwino.

Zimenezi zinayezedwa. Mu 2012, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Magni Mohr linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa osewera 17 amene anasewera masewero awiri, ena kukutentha pafupifupi 21 digiri, ena pafupifupi 43. Pakutentha paja mtunda wonse umene anathamanga unatsika ndi 7 pa 100. Koma kuthamanga kwamphamvu, kuja kothamangitsa mdani ndi kubwerera kudzatchinga, kunatsika ndi 26 pa 100.

Chodabwitsa n'chakuti liwiro lawo lapamwamba silinatsike, linakwerako pang'ono, chifukwa minofu yofunda imafulumira. Ndipo mipira yopatsirana inkafika kwa mnzawo kwambiri kuposa pozizira.

George Nassis ndi anzake anapeza zofanana atasanthula masewero onse 64 a chikho cha dziko lonse cha 2014 ku Brazil: kukatentha, osewera ankachepetsa maulendo othamanga mwamphamvu, koma ankapatsirana mpira mosamala.

Tanthauzo lake ndi losavuta kwa aliyense woonera mpira. Dzuwa silichotsa luso m'phazi. Limachotsa mphamvu zopanikiza mdani. Wokhala ndi mpira amapeza mpata chifukwa palibe akumuthamangira, masewero amazizira, ndipo timu imene imadziwa kuusunga mpira n'kuuyendetsa pansi ndi imene imapindula. Mphunzitsi amene amauza anyamata ake kuti apanikize kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza mu Okutobala wa ku Livingstone ndiye kuti akuwapha yekha. Pofika mphindi ya 60 amakhala akukuwira anthu amene sakumumvanso.

Pali chinanso chimene sichioneka pamiyendo. Kutentha kumalowa m'mutu. Wotchinga kumbuyo amachedwa kuganiza, goloboyi amatuluka pomwe samayenera kutuluka, munthu wofatsa amapsa mtima ndi nkhani yaing'ono.

Pa ichi dziko la Zambia lili ndi mboni imene dziko lonse linaiseka.

Pa 12 Januwale 2022, Janny Sikazwe wa ku Zambia ankayimbira masewero a chikho cha Africa pakati pa Tunisia ndi Mali mumzinda wa Limbe. Osati Limbe wa ku Blantyre ayi, koma wa ku Cameroon, m'mphepete mwa nyanja yamchere, komwe mpweya ndi wolemera ndi chinyezi. Masewero anayamba 2 koloko masana. Sikazwe sanali mwana pantchitoyi: anali atayimbira ndime yomaliza ya chikho cha Africa mu 2017 komanso masewero a chikho cha dziko lonse ku Russia mu 2018.

Itakwana mphindi ya 85, Mali ikutsogola 1-0, iye anaimba wezulo wothetsa masewero. Atamuuza kuti nthawi sinakwane, anayambitsanso mpira, koma anauthetsanso mphindi 90 zisanakwane bwinobwino, osawonjezera ngakhale imodzi, chonsecho m'chigawo chimenecho munali mapenate awiri ndi kadi yofiira. Mphunzitsi wa Tunisia, Mondher Kebaier, anamulondola m'bwalo akuloza wotchi. Sikazwe anatuluka atazunguliridwa ndi achitetezo.

Pa intaneti anthu anamupanga chidole. Ena anati wadya ndalama.

Kenako mkulu woona za oyimbira pampikisanowo, Essam Abdel-Fatah, anafotokoza kuti Sikazwe anadwala ndi kutentha, madzi anamuthera m'thupi, ndipo anatengeredwa kuchipatala. Mwiniwake atabwerera kwawo anauza atolankhani kuti anasokonezeka mutu, sankamvanso zimene anzake ankamuuza, ndipo kunangotsala pang'ono kuti abwerere ku Zambia ali m'bokosi.

Ngati dzuwa lingasokoneze munthu woteroyo, wokhala ndi madokotala pambali ndi ambulansi pachipata, nanga mnyamata wa giredi seveni amene wadzuka ndi tiyi wopanda chodyera n'kukasewera 1 koloko?

Malamulo alipo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la mpira limalola woyimbira kuimitsa masewero kuti osewera amwe madzi, osapitirira mphindi imodzi, kapena kuti aziziritse matupi, kwa mphindi imodzi ndi theka mpaka zitatu. Kupuma kovomerezeka koziziritsa matupi kunaoneka koyamba pa chikho cha dziko lonse pa 29 Juni 2014 ku Fortaleza, pamene Netherlands inkasewera ndi Mexico. Mphunzitsi Louis van Gaal anavomera pambuyo pake kuti anapezerapo mwayi wosintha kaseweredwe, ndipo timu yake, imene inali kumbuyo, inapambana 2-1. Kuyambira 2020 matimu amaloledwanso kusintha osewera asanu m'malo mwa atatu.

Koma muyeso umene bungwe la FIFA limatsata si wa digiri imene timamva pa wailesi. Umatchedwa WBGT, ndipo umaphatikiza kutentha kwa mpweya, chinyezi, mphamvu ya dzuwa ndi mphepo. FIFA imati ukafika 32, osewera apume. Bungwe loimira osewera padziko lonse, FIFPRO, limati pamenepo ndi mochedwa: kupuma kuyambe ukapitirira 26, ndipo ukapitirira 28 masewero asunthidwe.

Apa ndi pamene Livingstone amagwera pakati. Mu Okutobala mpweya wa kuno ndi wouma kwambiri, moti ngakhale kutatentha 36 digiri, muyeso wa WBGT ukhoza kukhala usanafike pa 32 wa FIFA uja. Pamapepala zonse zili bwino. Koma mpweya woumawo umamwa thukuta lisanaoneke n'komwe, wosewera n'kumadziona ngati sakutuluka thukuta pomwe madzi akumuthera. Umboni wake ndi mizere ya mchere ija.

Ndiye kumabwera Novembala ndi Disembala, mitambo itayamba kusonkhana, mvula ikufuna kugwa koma osagwa. Digiri imatsikako pang'ono, anthu n'kumati kwayamba kukhala bwino. Kwa wothamanga ndi pamene pamaipa, chifukwa mpweya wadzaza chinyezi ndipo thukuta limangoyenderera osauma. Thukuta losauma siliziziritsa munthu.

Ndipo tinene zoona: kachipangizo koyezera WBGT simungakapeze pabwalo la m'komboni. Woyimbira amangoona nkhope za osewera, ngati iye mwini akadali bwino.

Kunja anthu olemera amathawa dzuwa ndi ndalama. Chikho cha dziko lonse cha 2022 ku Qatar chinasunthidwa kuchoka mu Juni kupita mu Novembala ndi Disembala. Mu Juni 2025, pamene Borussia Dortmund inkasewera ndi Mamelodi Sundowns ku Cincinnati m'dziko la America, osewera apabenchi a Dortmund anaonerera chigawo choyamba pa kanema ali m'chipinda chosinthira zovala, kuthawa dzuwa. Enzo Fernández wa Chelsea anadandaula pampikisano womwewo kuti anachita chizungulire mpaka kugona pansi.

Kuno chipinda chosinthira zovala, pomwe chilipo, nthawi zina alendo amachikana. Si zachilendo m'mpira wathu kuona timu ikuvalira m'basi kapena panja, poopa kuti eni bwalo athiramo mankhwala. Ena amakana ngakhale madzi opatsidwa ndi eni bwalo. Ndiye anyamata amakhala padzuwa ola lathunthu mpira usanayambe, kuthawa chithumwa chimene palibe anachiona. Akagonja m'chigawo chachiwiri miyendo italemera, amati mwaona, tinanena.

Ubwino wa eni bwalo ulipodi, koma si wa sing'anga. Thupi limaphunzira kutentha. Munthu akamachita zokonzekera pamalo otentha kwa masiku 10 mpaka 14, amayamba kutuluka thukuta msanga, thukutalo limachuluka koma mchere wake umachepa, madzi a m'magazi amawonjezeka, mtima n'kukhazikika. Timu yochokera ku Kitwe imayenda makilomita oposa 800 kuti ifike ku Livingstone, ndipo palibe timu ya m'ligi zapansi imene ingakwanitse kulipira malo ogona kwa milungu iwiri. Amafika dzulo lake, miyendo itatupa ndi basi. Kutsidya kwa Zambezi, matimu a ku Harare ndi Bulawayo akhala akudandaula chimodzimodzi kwa zaka zambiri akamapita kukakumana ndi timu ya Chipangano pabwalo la Colliery ku Hwange.

Koma kuzolowera kuli ndi malire. Wozolowera amatuluka thukuta lambiri, choncho amafunanso madzi ambiri.

Chilala cha 2024 chinaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale chaka chimenecho kuti dziko lili pangozi. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika chilimwe madera ambiri a Zambia ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Popanda magetsi palibe filiji, palibe ayezi, palibe fani. Wosewera amene wagona akutembenukatembenuka m'nyumba ya malata amafika pabwalo atatopa kale, thupi lisanazizire kuchokera dzulo.

Kuwonjezera apo pali malungo, kutsegula m'mimba ndi mowa wa dzulo, zimene zonse zimamusiya munthu ali kale pafupi ndi ngozi. Wodwala malungo amene wamwa mankhwala dzana n'kunena kuti ndachira sayenera kuvala jezi, ngakhale atakhala kuti ndiye womwetsa zigoli yekhayo.

Mtima nawo umalowa m'nkhaniyi. Pa 29 Ogasiti 2007, Chaswe Nsofwa, wosewera wa timu ya dziko la Zambia, Chipolopolo, wazaka 28, anagwa ndi kumwalira pa zokonzekera za timu yake ya Hapoel Be'er Sheva ku Israel, tsiku limene kunatentha pafupifupi 40 digiri. Chimene chinalengezedwa ndi vuto la mtima, osati dzuwa. Koma dzuwa limausenzetsa mtima katundu wowonjezera, ndipo osewera ambiri a m'makomboni sanapimidwepo mtima chibadwire.

Wosewera akagwa ndi kutentha, anthu ambiri pabwalo sadziwa chochita, ndipo zimene amachita nthawi zambiri ndi zolakwika. Amamuunjirira, kumutsekera mphepo. Wina amamukoka mwendo poganiza kuti ndi minofu yakokana. Wina amathamanga kukasaka takisi.

Zizindikiro zoopsa si ludzu kapena kutopa. Ndi kusokonezeka: kudzandira, kubwebweta, kusadziwa golo lake, kusanza, kuchita ndewu popanda chifukwa, kukomoka. Khungu likhoza kukhala likadali lonyowa ndi thukuta, zimenezo zisakupusitseni.

Madokotala a zamasewero amagwirizana pa mfundo imodzi: muziziritseni kaye, kuchipatala pambuyo. Mphindi 30 zoyamba ndi zimene zimagamula. Mutengereni pamthunzi, muvuleni jezi, masokosi ndi nsapato, mumuthire madzi thupi lonse mosalekeza, ena akumukupiza ndi makatoni kapena zitenje. Ngati pali bafa kapena lona woti n'kumugonekamo m'madzi ozizira mutu uli kunja, ndiye bwino koposa. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Panado sathandiza, chifukwa uku si kutentha kwa matenda. Galimoto ikabwera, kuthira madzi kupitirire m'njira.

Zonsezi zimafuna madzi ochuluka kuposa chigubu chimodzi chija.

Zambiri zotetezera sizifuna ndalama za FIFA. Zigubu zinayi m'malo mwa chimodzi, zoikidwa pamthunzi zitakutidwa ndi chiguduli chonyowa. Woyimbira kuimitsa mpira pakati pa chigawo chilichonse, osadikira kuti wina agwe. Wosewera kuyamba kumwa m'mawa, osati akafika pabwalo, ndi kuyang'ana mkodzo wake: ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa. Sikelo wamba imathandizanso. Mukamuyeza asanalowe ndi atatuluka, kilogalamu iliyonse imene yasowa ndi lita imodzi ya madzi, ndipo ayenera kubwezera lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono, pamodzi ndi chakudya cha mchere. Chibwantu, maheu kapena thobwa zimathandiza pambuyo pa masewero kuposa mowa wozizira umene ochemerera amagulira womwetsa chigoli.

Chotsala ndi wotchi.

Mu Okutobala dzuwa la ku Livingstone limalowa itapitirira 6 koloko. Masewero oyamba 4 koloko akhoza kutha kukuwalabe, ndipo chigawo chachiwiri chonse chingaseweredwe dzuwa litapendeka. Zotsutsa zilipo ndipo si zabodza: alendo amafuna kunyamuka kusanade, ndipo okhala kumalire kwa mzinda safuna kuyenda mumdima nyengo imene njovu zimalowa m'makomboni. M'mawa nako kuli eni ake. Loweruka ndi la a Sabata, amene m'chigawo cha kumwera ndi ochuluka, ndipo Lamlungu ndi la mipingo inayo. Magetsi owunikira usiku, onga a pabwalo la Levy Mwanawasa ku Ndola kapena la National Heroes ku Lusaka, ndi maloto kwa timu imene imavutika kugula mpira. Komabe ola limodzi lokha silingagwetse ligi, ndipo masewero a ana a 1 koloko alibe chowaikira kumbuyo.

Kalendala nayo inasintha mosaganizira malo ngati ano. Kale ligi ya Zambia inkayamba cha mu Malichi n'kutha cha mu Novembala, moti miyezi yozizira yonse inali ya mpira ndipo dzuwa loopsa linkapeza mpikisano uli kumapeto. Mu 2019 bungwe loyendetsa mpira ku Zambia, FAZ, linasintha kalendalayo kuti ifanane ndi mipikisano ya bungwe la mpira wa mu Africa, CAF. Kusinthaku kunachititsa kuti ligi iziyamba cha mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi, kutanthauza kuti Seputembala, Okutobala ndi Novembala amapeza matimu angoyamba kumene, osewera ena matupi asanakhwime.

Mu Juni ndi Julayi, masana a ku Livingstone amakhala cha m'ma 25 digiri, kopanda mvula, kopanda matope. Pa kalendala ya 2019 ija, miyezi imeneyo ligi imakhala ili patchuthi.